Nambala ya gitala inandiuza za khosi, osati za thupi

Gulu lathu loimba ku tchalitchi linkafuna gitala yamagetsi, ndipo poti ine ndiye ndimaimba lidi, ntchito yosaka inagwera ine. Mnzanga wina anandiuza za bambo wina wa ku Kawale amene anabwera ndi gitala kuchokera ku Joni, akuti ndi Yamaha Pacifica. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ku Area 25, kukatsika m'tauni, n'kukweranso ina.

Gitalayo inali yakuda, yowala bwino, mawaya atsopano. Mwini wake anafuna kuti ndiyambe ndi kuimva kulira, koma ndinaitembenuza kaye. Kuseri kwa mutu, kumene kuli zokungira mawaya, kunali zolembedwa ziwiri: kapepala komata kolembedwa PAC112J, ndi mzere wina wa zilembo zosakanikirana ndi manambala. Ambiri timasokoneza ziwirizi. Choyambacho ndi nambala ya mtundu, imene magitala onse opangidwa mofanana amakhala nayo. Chachiwiricho ndi siriyo, nambala ya gitala imodzi yokhayo, ngati chitupa chake.

Ndinayamba ndi ya mtundu, chifukwa pa Pacifica nambalayi imalankhula. Yamaha inayamba kupanga magitalawa mu 1990, ndipo manambala awiri omalizira amawerenga ma pickup, tija timamva kunjenjemera kwa mawaya. Yapakati imanena ma humbucker, aja onenepa okhala ndi makoilo awiri, pamene yomaliza imanena ma single coil, aja owonda. Choncho 112 ndiye kuti humbucker imodzi ndi owonda awiri. 120 ndi ma humbucker awiri popanda wowonda. Nambala yoyamba imangosonyeza msinkhu: 012 ndi yotsika mtengo, 612 ndi ya apamwamba.

Nditaitembenuzanso n'kuwerenga, ndinapeza owonda atatu. Wonenepa panalibe.

"Akulu, gitalayi munaisinthitsapo china chake?" ndinafunsa.

"Ayi achimwene, mmene ndinagulira ndi mmenemu. Onani dzina lili pamutupo."

Sindikuganiza kuti ankanama. Dzinalo linalipodi, ndipo silinali lomata dzulo. Vuto ndi loti khosi la gitala yotereyi limangomangidwa ku thupi ndi masikuluwu anayi. Munthu wa sikuludilaiva akhoza kuchotsa khosi la gitala ina n'kulimanga pa thupi la ina tiyi asanazizire, ndipo dzina, nambala ya mtundu ndi siriyo zonse zimasamuka ndi khosilo, poti zili pamutu.

Komabe sindinafulumire kuweruza. Zimachitika kuti pickup yapsa, munthu n'kusintha chipulasitiki chonse chakutsogolo pamodzi ndi ma pickup ake, thupi likadali lenileni. Ndiye ndinapempha chilolezo chomasula. Anazengereza, kenako anatuma mwana kukabwereka sikuludilaiva kwa aneba.

Tinafewetsa mawaya, ndinamasula masikuluwu onse a chipulasitikicho, n'kuchitukula pang'onopang'ono kuti nthambo zamkati zisaduke. Pansi pake panali maenje atatu owonda, okumbidwa mwaukhondo ku fakitale. Humbucker sikanalowa pamenepo ngakhale mutaikankha ndi nyundo. Komanso m'mbali mwa dzenje, pamene utoto sunafike, matabwa ankaoneka osanjikizana timizeremizere, kusonyeza pulayiwudi, pamene thupi la 112 limapangidwa ndi mtengo wa alder. Nditasuzumira polumikizira khosi, mbali imodzi kunali mpata woti khadi la ku banki n'kulowa. Wina anatsekapo ndi kachidutswa ka katoni.

Siriyo ija sindinataye nayo nthawi yambiri. Yamaha imagwiritsa ntchito zilembo m'malo mwa manambala posonyeza chaka: H ndi 1, I ndi 2, mpaka P amene ndi 9, ndipo Q ndi 0. Koma kalembedwe kake kamasiyana malinga ndi fakitale ndi nyengo, moti chilembo chimodzi chikhoza kuloza zaka ziwiri zotalikirana zaka khumi. Ndiponso chikanandiuza msinkhu wa khosi basi.

Bamboyo anakhala chete akuyang'ana maenjewo. "Ndiye kuti anandipusitsa anyamata aja," anatero chapansipansi. Ndinamva chisoni, chifukwa ndalama anaperekadi ya Yamaha yathunthu.

Tinabwezeretsa zonse, ndinaichuna, n'kuilumikiza ku kasipika kawo. Kunena zoona, khosilo linali lokoma m'manja, lowongoka, mafureti, tija tizitsulo topingasa pakhosi, osadyeka. Kulira kwake ndiye kunali kopyapyala, ndi kaphokoso ka "zzz" kosalekeza, kamene pa sipika zathu za ku tchalitchi kakanaposa alaliki.

Ndinaimbira asungichuma athu n'kuwafotokozera kuti tapeza khosi labwino pa thupi losadziwika kwawo. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga thupi lenilenilo tikalipeza kuti?" Funsolo linandisowetsa yankho. Ndinathokoza bamboyo, anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo tisanasiyane anandipempha kuti ndiwalembere papepala tanthauzo la manambala atatu aja, akuti mwezi wamawa akupitanso ku Joni.