Mayina a angongole pa tsamba lawolawo

Ndine mlembi wa banki mkhonde yathu ku Chibavi, ndipo Loweruka lililonse amayi apampando amafuna mayina a omwe sanabweze ngongole pa tsamba lapadera. Kale ndinkakopera mzere umodziumodzi mu Excel, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni, mpaka tsiku lina ndinadumpha dzina. Anthu anati ndikubisa mlamu wanga.

Mphwanga wa ku Luwinga anandiuza za fomyula ya FILTER, yomwe imasankha yokha mizere yomwe ukufuna. Nditailemba panangotuluka #NAME?. Nkhani yake njoti FILTER imapezeka mu Excel 2021 ndi Microsoft 365, pomwe laputopu yanga ili ndi 2016. Ndinaisiya.

Chinandiombola ndi Advanced Filter. Tsamba la mamembala onse ndinalitcha Onse, linalo Angongole. Pa Angongole, cha kumbali, ndinalemba mutu wa kolamu monga uliri pa Onse, "Malipiro", pansi pake "Sanalipire". Apa mumvetsetse: muyambire pa tsamba lomwe mizereyo ikupita, osati kumene ikuchokera. Mukayambira pa Onse, Excel imakana. Ine ndinalimbana nayo madzulo onse, nsima mpaka kuzizira. Ndili pa Angongole pomwepo ndinadina Data, kenako Advanced, nkusankha Copy to another location. Pa List range ndinaloza tebulo la pa Onse, pa Criteria range timabokosi tiwiri tija, pa Copy to bokosi la A1. Mizere inabwera mbwee!

Koma awiri anasowabe. Msungichuma wathu, wa ku Dedza, amalemba "Sadalipire". Kompyuta sidziwa kuti ndi mawu amodzi omwewo. Ndinaika Data Validation pa kolamuyo kuti munthu azingosankha, asamalembe yekha.

Advanced Filter siisintha yokha mukaonjezera mayina, choncho ndinapita pa View, Macros, Record Macro, nkubwereza zonse zija kamodzi, kenako Stop Recording. Apa ndinapanga macro, kutanthauza kuti Excel imasunga zonse zomwe mwachitazo nkumazibwereza yokha mukaiuza. List range ndinaitambasula kufika mzere wa 500 kuti obwera kumene asatsale. Fayilo isungidwe ngati .xlsm, apo ayi macro ija ipita. Komanso zomwe macro yachita Ctrl+Z sibweza, nchifukwa chake ndimayamba ndasunga kope pa fulashi.

Loweruka lapitali dzina loyamba kutuluka linali la mlamu wanga yemwe uja.