Linga la Tioram, Nyumba Imene Mwini Wake Anaitentha

Ndinafika ku Dorlin, kumadzulo kwa Scotland, madzi a m'nyanja ya Loch Moidart, amene amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ataphwera, ndipo ndinayenda pansi pamchenga wonyowa mpaka pa kachilumba ka Eilean Tioram. Dzinali m'chinenero cha Gaelic limatanthauza chilumba chouma, ngakhale kuti madzi akakwera kwambiri njira imeneyi imamira.

Pamwamba pa thanthwe pali linga la miyala lokhala ndi mbali zisanu, limene akatswiri amati linayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1200. Nditaima m'munsi mwake ndinazindikira kuti omanga ake sankasamala za msewu wopapatiza umene ndinadzera kuchokera ku Acharacle. Msewu wawo unali nyanja. Apa ndi pamene mtsinje wa Shiel umathira madzi ake, ndipo amene anali ndi lingali ankaona bwato lililonse lolowa kumtunda kuchokera ku zilumba za Hebrides.

Nkhani za makolo zimati nyumbayi inakulitsidwa ndi Amie MacRuairi, mkazi amene John wa ku Islay, wolamulira zilumbazo, anamusiya kuti akwatire mwana wa Robert II. Robert ameneyu pambuyo pake anakhala mfumu ya Scotland. Mwana wa Amie, Ranald, ndiye kholo la fuko la Clanranald, ndipo mu 1373 mfumuyo inatsimikizira kuti malowa ndi a Ranald. Ndimaona kuti nkhani za mayiyu zikanayenera kumveka kwambiri kuposa mmene zimamvekera, popeza mtundu wonsewo unakhazikika pa nthaka ya kwawo kwa iye.

Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi zimene zinachitika mu 1715. Allan MacDonald, mtsogoleri wa fukoli, ponyamuka kukamenyera nkhondo banja lachifumu la Stuart, limene linali litachotsedwa pampando, akuti analamula kuti nyumba ya makolo ake itenthedwe kuti asilikali a boma asadzakhalemonso. Iye anafera ku nkhondo ya Sheriffmuir mu Novembala chaka chomwecho, ndipo kuyambira pamenepo palibe anakhalamonso.

Mkati simulowedwa chifukwa miyala ya m'makoma imagwa, choncho ndinangozungulira kunja, ndikusuzumira pa mipata ya mawindo pamene udzu wamera. Nditatembenuka ndinaona kuti madzi ayamba kudya mchenga mbali zonse ziwiri, ndipo ndinabwerera kumtunda nsapato zitanyowa.