Zimene ndaphunzira za kuyendanso munthu atavulala msana

M'phunziro lathu la mafizo tafika pa nkhani ya anthu amene anafa miyendo atavulala mtsempha wa mumsana, ndipo mfundo imodzi yandikhala pamtima. Mtsemphawu ukaphwanyika pamalo amodzi, mbali yakumunsi siifa ayi. Minyewa ya m'chiuno yolamula miyendo imakhalabe yamoyo, chimene imasowa ndi uthenga wochokera ku ubongo. N'chifukwa chake madokotala amaika kachipangizo ka timawaya pamwamba pa nembanemba yokuta mtsemphawo, kumunsi kwa povulalapo, kuti kazidzutsa minyewayo ndi magetsi ochepa.

Mu 2011 gulu la Susan Harkema ku Louisville, ku America, linalengeza kuti Rob Summers watha kuimirira mothandizidwa ndi njirayi. Koma imene ndaiwerenga mobwerezabwereza ndi ntchito ya Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch ku Lausanne, ku Switzerland. Iwowa anaona kuti magetsi ongopita osalekeza amasokoneza uthenga umene miyendo imabweza, wouza thupi pamene phazi lili. Ndiye anayamba kuwatumiza pa nthawi yake yeniyeni: ena okweza bondo, ena oponda pansi, kumanja kenako kumanzere. Mu 2022 anafotokoza za Michel Roccati wa ku Italy, amene anafa miyendo pangozi ya njinga yamoto mu 2017. Tsiku lomwe anamuyatsira chipangizocho anaponya mwendo, ali m'malamba omugwirizira thupi. Kuti afike poyenda panja ndi choyendera, panapita miyezi ya mafizo a thukuta. Mbali imeneyi nkhani zambiri zimaidumpha, ndipo zimandipweteka, chifukwa ntchito yathu yagona pomwepo.

Exoskeleton, makina ovala m'thupi oyendetsa miyendo monga ReWalk, ndi nkhani ina. ReWalk, imene anapanga Amit Goffer wa ku Israel, munthu amaivala m'miyendo pamwamba pa zovala. Ili ndi timamota m'chiuno ndi m'mawondo. Akapendekera kutsogolo pang'ono, makina amazindikira n'kumuponyera mwendo, iye akudzigwirizira pa ndodo ziwiri. Claire Lomas wa ku England, amene anafa miyendo, anamaliza nayo mpikisano wothamanga wa London Marathon mu 2012 atayenda masiku 17, ndipo mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linaloleza kuti anthu aziigwiritsa ntchito kunyumba. Ndimailemekeza, poti kuimirira ndi kulankhula ndi mnzako maso ndi maso si chinthu chaching'ono. Komabe apa amene akuyendetsa miyendo ndi makina, pamene kwa Roccati inali minofu yake yomwe.

Anthu amene ayesedwa njira ya magetsiyi ndi ochepa kwambiri, ndipo opaleshoni yake si yamasewera. Mu 2023 gulu la ku Lausanne lija linalengeza kuti linaika zipangizo m'chigaza cha Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands, zomva akafuna kuyenda n'kutumiza uthengawo kumsana popanda waya. Anakwera masitepe. Atapitiriza mafizo kwa miyezi, anayamba kuyenda ndi ndodo ngakhale zipangizozo atazizimitsa.