Mmene ndinachitidwira opaleshoni ya heniya ya pamimba

Chotupa chinayambira pachipsera cha opaleshoni imene ndinaberekera mwana wanga wachitatu, m'munsi mwa mchombo. Ndikaimirira kapena kutsokomola chinkatukumuka ngati papaya, koma ndikagona chagada chinkabwerera mkati. Kwa zaka ziwiri ndinkangochimanga ndi chitenje n'kumapitiriza kusenza matumba a mpunga kumsika wa pa Kamuzu Road ku Salima, kufikira usiku wina pamene chinauma gwa n'kukana kubwerera kwa maola angapo.

Kuchipatala cha boma cha Salima anandiuza kuti imeneyi ndi heniya: minofu ya khoma la mimba inang'ambika pamene anasoka kale, ndipo matumbo ankatulukira pampatapo n'kudzakhala pansi pa khungu. Anandichenjeza kuti matumbo akakanirira pamenepo magazi amaleka kufikako ndipo amawola, kotero kuti chotupa chouma, kusanza ndi kulephera kutulutsa mpweya si zizindikiro zodikira nazo kuti kuche. Analemba m'buku langa la kuchipatala n'kunditumiza ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14.

Kumeneko anandiunika pasikani n'kupeza kuti mpatawo unali wa masentimita 8. Adokotala anajambula mimba papepala nati, "Amayi, njira zilipo ziwiri: titsegule chipsera chonse, kapena tiboole timabowo kumbali n'kugwira ntchitoyo ndi kamera." Anafotokoza kuti njira yachiwiriyo imachepetsa kuwola kwa bala ndipo munthu amatuluka msanga, koma anandisainitsa chikalata chovomereza kuti akapeza matumbo atamatirira kwambiri adzatsegula mimba basi. Anayeza magazi, shuga ndi BP, ndipo anandiuza kuti ndichepetseko thupi komanso ndichize kaye chifuwa chimene ndinali nacho, popeza kutsokomola kumakoka ulusi. Ndinadikira miyezi inayi kuti tsiku langa lifike.

Ndinaleka kudya pakati pa usiku, ndipo m'mawa anandigonetsa tulo tofa nato, osati jakisoni wa pamsana uja wa pobereka. Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Anaboola timabowo tinayi, lalikulu lake la sentimita imodzi yokha, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume ndipo zida zipeze malo. Nthawi yambiri inathera pomatula matumbo amene anakakamira kuchipsera, chifukwa kuboola thumbo mwangozi n'kumene amakuopa koposa. Atatero anakoka minofu mbali zonse ziwiri n'kuisoka pamodzi, kenako anayala ukonde umene iwo amautcha meshi, wopitirira mpatawo ndi masentimita pafupifupi 5 mbali iliyonse. Ndinauona m'paketi ndisanalowe. Umafanana ndi neti ya udzudzu koma ndi wolimba, ndipo kawirikawiri suchotsedwanso, popeza mnofu umamera n'kulowerera m'timaso take.

Chimene chinandidabwitsa nditatsitsimuka chinali kupweteka kwa phewa la kumanja, pamene sanakhudzepo n'komwe. Anamwino anaseka pang'ono nati umenewo ndi mpweya wotsalira ukuvutitsa mtsempha umene umalumikizana ndi phewa, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda. Mchemwali wanga, amene anali wondidikirira, anandigwira mkono tikuyenda pang'onopang'ono m'khonde madzulo omwewo. Tsiku lotsatira ndinamwa phala, ndipo lachitatu ndinakwera minibasi nditakumbatira pilo pamimba, maso ali pamabampu.

Sabata yachiwiri panatupanso pamalo pomwe paja, ndipo mtima unandithawa poganiza kuti zonse zaphwasuka. Atandiyeza anati ndi madzi amene amadzaza malo amene matumbo anasiya, amauma okha, ndipo ndisalole munthu aliyense kubayapo, chifukwa tizilombo tikafika paukondewo mwina n'kofunika kuuchotsa wonse. Anaphwa patapita mwezi ndi theka.

Chovuta chenicheni chinali lamulo loti ndisanyamule cholemera kwa masabata 6. Munthu wa bala lalitali aliyense amamumvera chisoni, koma ine ndinali ndi timapulasitala tinayi basi. Apongozi anga atationa anafunsa kuti, "Mwanawe, apa ndiye pamene mukuti opaleshoni?" ndipo m'mawa mwake ndowa inali kundidikira pakhomo. Sindikuwadzudzula, pakuti inenso pofika sabata yachitatu ndinkadziona ngati waulesi. Ndinawaonetsa chithunzi chija adokotala anajambula, n'kuwalozera kukula kwa ukondewo ndi zikhatho zanga ziwiri, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kutuma adzukulu awo kumjigo. Kumsika ndinabwerera mwezi wachitatu, koma thumba la makilogalamu 50 tsopano amanditsitsira ndi mnyamata wa wilibala, amene ndimamulipira madzulo ndikatseka benchi.