Ulendo wa ku Nkhotakota pa galimoto yatsopano: mchenga, dzuwa ndi chambo cha pa Chia

Galimoto yathu itangofika kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, amayi anaimba foni kuti tipite nayo kumudzi akaione ndi kuipempherera. Ndi Sienta ya buluu wodera, ndipo ndalama zake tinasonkha kwa zaka, bambo a kunyumba ndi ine. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kunyanja kumatentha mpaka phula la mumsewu kufewa, choncho ndinayamba kuganizira za penti ndi mipando tisananyamuke n'komwe.

Dzulo lake tinaitsuka, n'kuipaka polishi madzulo dzuwa litapendeka. Penti ya galimoto za masiku ano ili ndi kachikuto koonekera pamwamba pa mtundu wake, kopyapyala kuposa pepala la m'kope, ndipo kuwala konse kumene timakukonda kuli pamenepo. Polishi ndiye amayamba kulandira dzuwa ndi zitosi kachikutoko kasanakhudzidwe, koma sakhalitsa, pakatha miyezi iwiri kapena itatu amafunika wina. Pansi tinayala makapeti a labala, mipando ya kumbuyo ndinaifunditsa zitenje zakale, ndipo mu buti munalowa pepala lalikulu la pulasitiki, zidebe ziwiri, nsalu zofewa za microfibre ndi bokosi la ayisi.

Msewu wa M14 umatsika kuchoka ku Lilongwe, komwe kuli mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kukafika ku Salima komwe kuli pafupifupi 500. Kutsikako mumakumva pakhungu. Pa Kaphatenga tinakhotera kumpoto kulowa M5, kudutsa Khombedza ndi Benga. Pa ulendowo msewu uwu unali wopapatiza m'malo ambiri, m'mbali mwake muli modyeka, ndipo lole ikamapatukira njinga imaponda timiyala n'kutiulutsira kumbuyo. Bambo a kunyumba ankasiya mpata waukulu, lole ikamabwera kutsogolo n'kuchepetsa liwiro. Ana anadandaula kuti tikuchedwa. Ine sindinaone vuto, chifukwa kamwala kamodzi pa boneti kamasiya chitsulo pamtunda, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo mvula ikangogwa.

Pa Chia tinaima. Palibe amene amadutsa pamenepa osayang'ana nsomba. Tisanazimitse injini, anyamata anali atatizungulira kale, chambo chili m'manja chikadali chonyezimira, ena atanyamula kampango. Titagwirizana mtengo, mnyamata wina anatenga kachingwe n'kulunjika pa galasi la m'mbali.

"Amayi, ndikumangirireni apa, mphepo iziziwomba, zikafika zili bwinobwino."

"Ayi achimwene, zikomo. Ikani mu bokosi umu, muli ayisi."

Anandiyang'ana modabwa pang'ono, koma anaika. Sindinyoza amene amapachika nsomba pa galasi kapena pa mawaipa. Ngati mulibe ayisi, ndi nzeru ndithu, fungo limatsala kunja ndipo nsomba sizionongeka msanga. Koma taonani chitseko cha galimoto imene yayenda makilomita 100 ndi chambo pambali. Nsomba zimamenyetseka pa penti ulendo wonse, mamba ndi chingwe zikukhula malo amodzimodzi, ndipo madzi ake osakanikirana ndi magazi amayenderera mpaka chitseko cha kumbuyo n'kuumirapo ndi dzuwa. Mukapachika, tsukani mbali imeneyo ndi madzi ambiri mukangofika, osadikira mawa. Choipa koposa ndi kuika nsomba mu jumbo n'kuponya mu buti. Jumbo imadontha, madzi amalowa pansi pa kapeti mpaka mokhala tayala la sipeya, ndipo fungo limenelo limadzuka tsiku lililonse lotentha kwa miyezi.

Kumudzi anatilandira ndi nthungululu. Amayi anasanjika manja pa boneti n'kupemphera nthawi yaitali, ndipo ine misozi inalengeza. Kenako amalume analoza mtengo waukulu wa mango pabwalo.

"Apongozi, imikani apo pamthunzi, dzuwa la kuno silisewera."

Ananena zoona. Galimoto yotsekedwa ikakhala padzuwa la Okutobala, dashibodi imatentha moti simungaikepo dzanja, ndipo pakapita nthawi imachita mbuu n'kuyamba ming'alu. Nsalu za mipando nazo zimasuluka. Koma pansi pa mtengo pali zake: utomoni, zipatso zakugwa, mbalame masana, mileme usiku. Zitosi zili ndi asidi, ndipo pa penti yotentha zimasiya chipsera ngakhale tsiku lisanathe. Ndinawafotokozera amalume mwaulemu, iwo n'kungoti, "Basi, kuli chisakasa kuseri uko," natumiza ana kukachotsa nkhuni. M'menemo ndi momwe galimoto inkagona. Tikapita pa boma tinkatchinga galasi la kutsogolo ndi katoni. Tsiku limene tinatenga ana kukaona mtengo wakale umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, mtsogoleri wa amalonda a Chiswahili, mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, tinaimika galimoto patali n'kuyenda wapansi kukakhala pamthunziwo ife anthu.

M'mawa wotsatira ndinadzuka n'kupeza mwana wa achimwene anga, wa sitandade 7, ataima pafupi ndi galimoto ndi malaya akale m'manja. Fumbi linali litakuta paliponse, ndipo pa chitseko ana anali atalembapo kale maina awo ndi zala.

"Azakhali, ndingopukuta fumbi lokha, iwale ngati dzulo."

Mtima wake unali wabwino, ndipo ndinamuyamikira. Ndinamuuza apake chala pa denga la galimoto, kenako afikise chalacho ndi chinzake. Anamva timchenga tikulumaluma. Fumbi la kunyanja ndi mchenga wosalala, wolimba kuposa penti, ndipo nsalu youma imaukoka pamwamba ponse n'kusiya timizere tozungulira timene timaonekera dzuwa likawomba, makamaka pa mitundu yodera ngati yathuyi. Galimoto zambiri zimene zathima mtundu m'tauni zinathima ndi chisanza cha otsuka, osati ndi msewu.

Tinatsuka limodzi. Tinatunga pa mjigo, n'kuyamba ndi kukhuthulira madzi okhaokha kuchokera pamwamba mpaka mchenga utatsika. Chidebe china chinali cha sopo wa galimoto, china cha madzi otsukuluzira nsalu isanabwerere ku sopo. Safu ndi sopo wa mbale ndinakana, chifukwa amachotsa polishi yense. Matayala ndi m'munsi tinamalizira, ndi nsalu yakeyake. Pa chitosi chouma tinaikapo nsalu yonyowa kwa kanthawi mpaka chinafewa, osakanda ndi chikhadabo. Zonsezi dzuwa lisanakwere, poti madzi a pa mjigo akaumira pa chitsulo chotentha amasiya madontho oyera ovuta kuchotsa. Ena anati tingotsikira nayo kugombe tikatsukire konko. Ayi. Madzi a m'mphepete amadza ndi mchenga, ndiponso sopo ndi oyilo sizoyenera kulowa m'madzi amene anthu amamwa ndi kuwedzamo.

Ana akachoka kosamba kunyanja ankatsuka mapazi ndi madzi a m'botolo asanakwere, zovala zonyowa n'kulowa m'chidebe. Mpando ukamwa madzi m'nyengo yotentha umachita chuku mkati. Madzulo ndinkasamala ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Kuno malungo ndi ambiri ndipo mankhwalawa sitingawasiye, koma amene muli mankhwala otchedwa DEET amadya pulasitiki, moti dzanja lodzola likagwira siteringi kapena chogwirira chitseko limasiya banga losachoka. Tinkadzola titatsika, n'kusamba m'manja tisanakwerenso.

Pobwerera amayi anatulutsa thumba la mpunga, ufa wa kondowole, usipa wouma ndi tambala wamoyo. Bambo a kunyumba anayang'ana buti, n'kundiyang'ana ine. Sindinabweze kanthu ngakhale kamodzi, ndipo sindikanalola. Galimoto tinaigulira zomwezi, kuti amayi azitha kutipatsira za kumunda popanda kuvutika ndi basi. Tinayala pulasitiki ija mpaka m'mbali, usipa unalowa m'chidebe chotseka, tambala mu katoni yoboola yokhala ndi nyuzipepala pansi. Matumba tinawanyamula m'mwamba poika, osawakhwekhwereza pa bampala.

Titafika ku Lilongwe tinapita kotsukitsa komwe ali ndi paipi yamphamvu kuti achotse mchenga wa kunsi ndi m'makona a matayala, ndipo ndinawapatsa nsalu zanga. Makapeti tinakutumula n'kuyanika, mu buti ndinaikamo mbale ya makala kwa masiku angapo kuti ayamwe fungo la usipa. Pa boneti tinapeza timabala ta miyala ting'onoting'ono. Nambala ya mtundu wa penti imalembedwa pa kachikwangwani ka galimoto, kwa ife kali pa mphuthu ya chitseko, ndipo bambo a kunyumba anaijambula pa foni n'kukasakanizitsa kabotolo kakang'ono. Anadontheza ndi kamtengo ka machesi Loweruka lomwelo, mvula yoyamba isanagwe.