Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kolera ndi puloteni yolephera kuzima

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinachoka kunyanja, kuchipatala chaching'ono chomwe ndinkagwirako ntchito, n'kupita ku Blantyre kukaphunzira za labotale. Anzanga ambiri biochemistry, phunziro la makemikolo a zamoyo, sankaifuna n'komwe, ati ndi kuloweza mayina a zinthu zosaoneka. Ine ndinaikonda kwambiri titafika pa mutu wa mapuloteni otchedwa G, chifukwa ndinali ndi funso lomwe linandivutitsa kuyambira kumsasa wa kolera. Mabakiteriya a Vibrio cholerae saboola matumbo ndipo salowa m'magazi. Nanga zimatheka bwanji kuti munthu wamkulu azitaya madzi okwana lita imodzi pa ola, chimbudzi chake chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga?

Puloteni ya G imakhala chamkati mwa khungu la selo, ndipo ili ndi zigawo zitatu: alpha, beta ndi gamma. Selo ikakhala phee, alpha imakhala itagwira kanthu kotchedwa GDP. Homoni ikafika kunja n'kumamatira pamalo ake olandirira, GDP imataidwa, GTP n'kulowa m'malo mwake. Ziwirizi zimasiyana ndi phosphate imodzi yokha, GDP ili ndi ziwiri pomwe GTP ili ndi zitatu. Koma yachitatuyo imasintha mapindikidwe a puloteni, mpaka alpha imayamba kudzutsa puloteni ina yotchedwa adenylyl cyclase kuti ipange kanthu kotchedwa cAMP, yomwe imafalitsa uthenga m'selo monse.

Chomwe chinandigwira mtima ndi chotsatira chake. Alpha yomweyo, pogwiritsa ntchito madzi ndi magnesium, imadula phosphate yachitatu ija. GTP imabwerera kukhala GDP, uthenga n'kutha. Ili ngati swichi yomwe ukayatsa imadzizimitsa yokha nthawi yake ikakwana.

Usiku ndinkakhala mulaibulale kufufuza za anthu omwe anatulukira zimenezi. Martin Rodbell wa ku NIH, bungwe lofufuza za umoyo ku America, anaonetsa mu 1971 kuti homoni ya glucagon siigwira ntchito pa khungu la maselo a chiwindi cha khoswe popanda GTP. Alfred Gilman ndi anzake ku University of Virginia anaipatula puloteniyo payokha mu 1980, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1994. Koma ine mtima wanga unali pa Dan Cassel ndi Zvi Selinger a ku Jerusalem, omwe ankagwiritsa ntchito magazi a nkhukundembo. Mu 1977 anaonetsa kuti poizoni wa kolera amaletsa kudula kwa GTP kuja.

Yankho la funso langa linali pomwepo. Poizoniyu akalowa m'selo ya m'matumbo amatenga mbali yotchedwa ADP-ribose kuchokera ku NAD, kemikolo yopezeka m'maselo, n'kuimata pa arginine 201, imodzi mwa timagawo tomanga alpha, yomwe ndi yofunika podula phosphate. Alpha imatsala itagwira GTP osaisiya. cAMP imachuluka, njira ya chloride yotchedwa CFTR imakhala yotseguka, chloride imatulukira m'matumbo, sodium ndi madzi n'kumatsatira. Thupi limadzikhuthula lokha chifukwa cha malo amodzi osokonezeka pa puloteni.

Kumsasa tinkawauza amayi kuti, "Mayi, musatope, pitirizani kumumwetsa Thanzi ngakhale akutsegulabe." Ndinkanena izi chifukwa ndi mmene tinaphunzitsidwira. Tsopano ndinamvetsa chifukwa chake: m'matumbo muli njira ina yomwe imalowetsa sodium pamodzi ndi shuga, ndipo poizoni saikhudza. Mchere ndi shuga zikalowa, madzi amalowa nawo. Mliri wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unandipeza ndili kale mulabotale, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamufotokozera zimenezi, chifukwa ndimakhulupirira kuti munthu akadziwa chifukwa chake sasiya kumwetsa wodwala.

Chaka chotsatira ndinakumana ndi puloteni ina ya mtundu womwewu, yaing'ono, yotchedwa Ras. Payokha imadula GTP mochedwa kwambiri, choncho imadalira mnzake wotchedwa GAP kuti aifulumizitse. Glycine 12, imodzi mwa timagawo tomanga Ras, ikasinthika, GAP amalephera kuithandiza, ndipo selo imangogawikana osaleka. Khansa zambiri za kapamba (pancreas) zimakhala ndi vuto limeneli. Za Ras ndi matenda a malume anga ndidzakufotokozerani m'gawo lotsatira.