Sindinagwe pa lichero, ndinangosowa pogona

Choyamba, sindinaledzere. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndikudziwa kuti chithunzi chija chazungulira kale pa WhatsApp, kuyambira gulu la kuntchito, la kumpingo, mpaka la anzanga amene tinalemba nawo mayeso a fomu 4 omwe sitinaonane zaka makumi awiri. Munthu ali m'bwatoyo, wadzikulunga chitenje cha maluwa achikasu, mwendo umodzi uli lende panja, ndine ndithu. Sindikukana. Koma amene analemba pansi pake kuti "madala mowa wawaposa mphamvu" Mulungu amukhululukire, chifukwa usiku umenewo ndinangodya chambo ndi nsima, n'kutsitsira Fanta imodzi.

Mlandu wonse ndi wa anyamata anga awiri, wazaka 12 ndi wazaka 9. Kunyumba ku Lilongwe aliyense ali ndi bedi lake, ndiye sindinkadziwa kuti ndikulera adani. Ndinazidziwa pa 15 October, Tsiku la Anakubala, nditati chaka chino nanenso ndiwatengere amayi awo kunyanja ngati amuna anzanga. Tinatsika msewu wa M14, makilomita pafupifupi 100 mpaka pa Salima, n'kupitirira ku Senga Bay. Amene munapitako patsikuli mukudziwa kuti Lilongwe yense amasamukira kumeneko. Chipinda chimene tinapeza chinali chimodzi chokha: bedi lalikulu, kabedi kakang'ono pambali, maneti awiri, ndi fani imodzi yozungulira ngati ikuchita kukakamizidwa.

Kwa ine masamu ake anali a sitandade 1. Akuluakulu awiri pabedi lalikulu, ana awiri pa kakang'ono. Ine ndinakulira m'gowelo, anthuni. Tinkagona anyamata asanu ndi awiri pamphasa ziwiri, bulangete limodzi, ndipo m'mwezi wa June wogona pakati ndiye anali bwana. Wokodza ankadziwika m'mawa ndi mbali imene yanyowa, tinkamuseka mpaka kudambo, madzulo n'kugona nayenso. Palibe anafunsapo ngati mnzake amamusangalatsa.

"Ine ndi uyu ayi," anatero wamkulu, asanavule n'komwe nsapato.

"Inenso sindikufuna," anayankha wamng'ono. "Amanunkha mapazi."

"Iwe umamenya mateche kutulo."

"Iwe umabwebweta."

Amayi awo anangoti, "Bambo a ana, lero ndi tsiku langa. Zimenezo muthane nazo nokha." Analowa mu neti, n'kutembenukira kukhoma.

Ndinayamba ndi nzeru ya malire. Ndinaika pilo pakati pa kabedi kaja n'kulengeza kuti uku ndi kwa uyu, uko ndi kwa uyo. Pasanathe mphindi zisanu ndinamva, "Adadi, chigongono chake chadutsa!" Ndinadzuka, ndinayatsa tochi ya pafoni, ndinakayendera malire. Chigongono chinali chitabwerera kwawo. Nditangogona, "Adadi, wakankha pilo!" Pamenepo ndinakumbukira kuti nkhani ya malire a nyanja yomweyi pakati pa ife ndi Tanzania imachokera pa pangano la 1890 ndipo mpaka lero akuluakulu ovala masuti akukambiranabe. Ine ndinali ndani kuti ndithetse yanga usiku umodzi, nditavala vesiti?

Ndinayesa ya kumudzi: wina mutu uku, wina mutu uko. Apa ndiye ndinalakwitsa, chifukwa mapazi odandaulidwa aja ndinawafikitsa pamphuno pa wodandaula. Ndinayesa kusinthana: ine ndi wamkulu pa kabedi kakang'ono, wamng'ono ndi amayi ake. Mwana amene ndimamulipirira fizi anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mkonono wanga umamveka ngati chigayo cha dizilo. Mapeto ake wamkulu anatsala yekha pa kabedi kake ngati mfumu, ife atatu tinapanikizana pa lalikulu.

Za mateche zija sankanama. Mwana ameneyu sagona, amasewera mpira. Anayamba atalunjika bwinobwino ngati munthu, kenako anazungulira pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi mpaka mutu unali pamimba pa amayi ake, mapazi m'nthiti mwanga. Teche yoyamba ndinaipirira monga kholo. Yachiwiri inandipeza pachibwano. Yachitatu sindinena pamene inafika, koma ndinatsika pabedi mwaulemu n'kukagona pasimenti.

Ndiye magetsi anazima. Fani inaima. Kutentha kwa Salima mu October simufuna kuchita kuuzidwa: simenti imene ndimati indiziziritsa inali ngati chiwaya chimene angophulapo chipisi. Udzudzu wonse umene unakanika kulowa m'maneti awiri aja unauzana kuti pansi pali munthu wopanda mwini. Ndinati ndingotuluka kaye mphindi ziwiri, ndipitidwe mphepo. Mumdimamo ndinafufuza thalauza osaipeza, dzanja linagwira chitenje cha amayi awo pampando, ndinadzikulunga, ndinavala patapata n'kutuluka pakhonde.

Kumbuyo kwanga chitseko chinati khethe.

Zitseko zina zimadzikhoma zokha. Izi ndazidziwa tsopano. Kiyi wa chipinda anali m'kati, kiyi wa galimoto m'thalauza, foni pansi pamene ndinagona. Mundifunsa kuti bwanji sindinagogode. Ndinagogoda. Koma munthu amene wauzidwa kuti "lero ndi tsiku langa" amagogoda ndi chikhadabo, osati ndi chibakera. Ndinakanda chitseko ngati mphaka, ndinanong'oneza pawindo kuti "amayi a ana, amayi a ana," mpaka bambo wina wa chipinda choyandikana anakhosomola kukhosomola kwa chenjezo. Ndinazungulira kufuna alonda, ndinangopeza mpando ndi chipewa.

Mphepo inali kugombe, ndiye ndinatsikira komweko. Kunena zoona kunali kokongola. Kutali pamadzi nyali za asodzi a usipa zinali ndandanda ngati tauni ina yamera panyanja, chilumba cha Namalenje chikuoneka mbuu. Ndinakhala pamchenga, tizilombo tina tinayamba kundiyenda m'chitenje. Pafupi panali bwato lokokeredwa kumtunda, louma bwino, m'kati muli kaukonde kakale kofewa. Ndinati ndingokhalamo pang'ono podikira kuti kuche. Ndipo pano ndidziteteze: bwato ndi bedi labwino kuposa mmene mukuganizira. Ndi lopapatiza, inde, kamwa lake limachita kukupana m'chiuno polowa, koma ukalowa palibe wokumenya teche. Ndinagona tulo timene sindinagonepo chikwatirire.

Chimene chinandidzutsa ndi mawu a munthu pamwamba panga.

"Iwe, m'bwato muli munthu."

"Wamoyo?"

"Kaya."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanadzuka n'kupereka moni. Ine ndinatsinzinabe. Ndinkafuna kaye ndipeze mawu oyambira, chifukwa palibe sukulu imene imaphunzitsa zonena ukapezeka m'bwato la eni ake mbandakucha utavala chitenje cha mkazi wako. Ndikuganiza choncho, mapazi anachuluka pamchenga. Tochi inandiwalira pankhope.

"Ndi mzimayi."

"Mzimayi wandevu?"

"Nanga chitenjechi?"

"Taona mwendowo. Mzimayi wake uti wa ubweya chonchi?"

Kunakhala kaye zii. Kenako wina, mawu ake a munthu wamkulu wodziwa zinthu, ananena motsitsa kuti, "Anyamata, musamukhudze. Wagwa pa lichero uyu."

Abale anga, ndinamva thukuta likutuluka ngakhale m'zikope. Koma m'malo modzuka, ndinatsinzina kwambiri. Ndipo bwalo linayamba kuzenga mlandu wanga ine ndili pomwepo.

"Mafuta anamuthera."

"Kapena anadutsa pamwamba pa nyumba yokhwima."

"Akuchokera kuti?"

"Mimba iyi si ya kuno. Ya ku Lilongwe iyi."

"Ee, za m'tauni zimanenepa. N'chifukwa chake lichero linalephera."

Mimba yanga, imene ndakhala ndikunena kuti ndiyamba kuithamangira mwezi wamawa, inakambidwa mofatsa ndi anthu osachepera asanu ndi mmodzi. Wina anati munthu wotere lichero limodzi silingamunyamule, ayenera kuti anabwera pa awiri. Wina anatsutsa, nati zimatengera mphepo, ndipo usiku umenewo kunalibe mwera. Anatumiza mnyamata kuti akafufuze licherolo m'mbali mwa madzi. Ndinamumva akuthamanga, ndinamumvanso akubwerera.

"Ndapeza patapata imodzi!"

"Usaigwire ndi manja!"

Patapata yanga, imene ndinagula ndekha mumsika wa ku Lilongwe, inanyamulidwa pa kamtengo ngati njoka yakufa. Wina anayamba kupemphera chapansipansi. Wina anati akadzutse amfumu. Mwini bwato, yemwe amafuna kukaonjola matchera ake kusanatenthe, ankangodandaula kuti pa mabwato onse ali pagombe pano, bwanji munthuyu wasankha kutera m'lake, ndipo ndani adyenso nsomba zake anthu akamva. Nthawi yonseyi udzudzu umodzi unali utakhala pamphumi panga ukumwa mosatekeseka, ine osatha kuupha chifukwa ndinali mtembo kapena mfiti, sindinadziwe kuti mwa ziwirizi chabwino n'chiti. Kuwala kwina kunati ng'ani. Chimenecho ndiye chithunzi muli nachocho.

Kenako nkhafi inandigunda m'nthiti, pamalo omwe aja mwana anapondapo usiku. Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinatsegula maso, ndinadzutsa mutu, ndipo mawu amene ndinawakonzekera mphindi khumi zonse zija anatuluka:

"Mwadzuka bwanji?"

Sindinaonepo amuna akuluakulu akuthamanga pamchenga choncho. Wina anasiya tochi, wina anagwera m'madzi, wa patapata uja anaponya kamtengo kumwamba. Anatsala mkulu mmodzi yekha, wa imvi, amene ndikuganiza kuti miyendo inangomukanika. Anandiyang'ana, anayang'ana chitenje, anavula chipewa n'kunena mwaulemu wonse:

"Tadzuka bwino, bambo. Kaya inu, mwatera bwino?"

Ndinayesa kudzuka kuti ndifotokoze nditaimirira ngati munthu wa ulemu wake, koma bwato limene linandilandira bwino usiku linakana kundibweza. Chiuno chinapanika. Ndinafotokoza nkhani yonse ndili chigonere, za pilo, za mateche, za chitseko, dzanja limodzi litagwira chitenje pachifuwa. Othawa aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ataima patali. Nditafika poti ana awiri a mimba imodzi akukana kugona bedi limodzi, ndinaona kuti nkhani ya lichero ankaikhulupirira kuposa imeneyi.

"Ana anu enieni?" anafunsa mkulu uja.

"Anga enieni."

"Ndiye inu n'kuwasiyira nyumba?"

Sindinayankhe. Anandigwira awiri m'manja, wina kumapazi, n'kundizula ngati chinangwa.

Amene anandipulumutsa ndi alonda aja, omwe anatulukira kaya kuchokera kuti, atavala chipewa chawo, n'kunena kuti, "Aa, awa ndi abwana a m'chipinda chakumapeto." Mwini bwato anati zamveka, koma ndamuchedwetsa kumatchera, ndipo bwato lake silinagonepo munthu. Tinagwirizana kuti akabwerako ndimugula nsomba pamtengo umene atchule yekha. Anatchuladi.

Kunja kutayera, alonda anagogoda pachitseko ndi chibakera chimene ine ndinalephera. Amayi a ana anatsegula, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata imodzi, n'kufunsa funso limodzi lokha:

"Chitenje changa chatsopano?"

Ndinalowa osayankha. Bedi lalikulu mbali yanga linali mbee, lopanda munthu, pilo ali pamalo pake. Pa kabedi kakang'ono paja, anyamata awiri anali mtulo tofa nato, atakumbatirana, mwendo wa wamng'ono uli pakhosi pa mkulu wake, mapazi onunkha aja palibe akuwadandaula. Nditafufuza pa tiyi, wamng'ono anati pakati pa usiku anamva chinthu chikukanda chitseko ndi kunong'ona pawindo, ndiye anachita mantha n'kuthawira kwa achimwene ake. Wamkulu naye anati anachimva, ndipo anamuuza kuti abwere msanga.

Ndiye amene mukuseka, dziwani kuti vuto la ana kukana kugona limodzi ndinalithetsa ine. Njira yake yokha ndi imene sindingalangize munthu.

Tinalipira masiku awiri, choncho usiku wotsatira nkhani inayambiranso pomwe inayambira: uyu amanunkha mapazi, uyu amamenya mateche. Ine sindinalowererepo. Ndinatenga pilo, ndinamangirira makiyi onse awiri pachingwe m'khosi, n'kukagona m'galimoto magalasi nditatsitsa pang'ono. M'mawa ndikupita kukasamba kunyanja, ana a pagombe ankandilozerana, wina n'kutambasula manja ngati ndege.

Chitenje chija chachapidwa katatu koma akuti chikumvekabe usipa, ndiye ndauzidwa kuti ndigule china. Nsomba zodula zija tinaziika mufiriji ya pamalopo kuti tizitenge ponyamuka. Tinazikumbukira titadutsa kale Salima.